Kusala Pamadzi

Vinka anali atagwira ntchito yozula anthu ubweya kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ankati khungu la mayi aliyense wa m'tauni ya Valjevo amalidziwa kuposa mwini wake. Sankanama kwenikweni. Munthu akalowa mu saluni yake, kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, Vinka ankadziwiratu asanakhale n'komwe pansi kuti uyu wayambiranso fodya, uyu sakugona tulo, uyu ali ndi pakati koma mwamuna sanamuuze. Ankakonda kunena kuti khungu silitha kusunga chinsinsi. Tsoka lake nayenso sankatha, n'chifukwa chake amayi ena ankagona pabedi lake ali duu ngati ali kupolisi.

Lachiwiri la mlungu wachisanu ndi chimodzi wa Lenti, chakumasana, munalowa Dunja. Ameneyu anali mwana wa Radmila, mnzake wa Vinka wa ponda apa nane mpondepo kuyambira ku pulayimale, ndipo Vinka ndiye anamunyamula pa ubatizo. Choncho Vinka anali kuma wake, kapena kuti mayi wake wa ubatizo, ndipo kwathu kuno kuma si munthu wongopatsana naye moni pamsewu. Amakhala ndi mpando wake patebulo komanso ufulu wovundukula mapoto. Mtsikanayo anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wanzeru kusukulu, wosavuta. Kuyambira mu Seputembala anali asanapondemo mu saluni. Kunja kunali dzuwa la Epulo, anthu atayamba kale kumwera khofi panja, koma iye anali m'chijasi cha bambo ake, zipi mpaka pachibwano.

"A kuma, ndabwera kuti mundizule cheya," anatero. "Pamikono, kumsana, ndi apa." Analoza tsaya.

Vinka anaseka. Banja limenelo ankalidziwa: Radmila miyendo yake inali see ngati dzira, ndipo pa zaka zonsezo sanagwiritsepo ntchito phula la Vinka ngakhale supuni imodzi. Anamuuza mtsikanayo kuti asiye kudziyang'ana pa foni, koma anamugonekabe chafufumimba pabedi n'kukokera pafupi nyali yake ija ya galasi lokulitsa zinthu. Dunja anakana kuvula. Anangokweza juzi kumsana, ndipo pansi pa juziyo panali ina.

Kuseka kunathera pomwepo. Ubweya Vinka ankaudziwa mitundu yonse: wakumtundu, wobwera ndi mankhwala, ndi waukalamba uja umakutulukira pachibwano mwadzidzidzi uli paukwati wa eni. Uwu sunali mwa imeneyo. Chinali cheya chotuwa, chofewa, chotalikirako, chotsika m'mbali mwa fupa la msana n'kufalikira m'mapewa, chonga chimene amabadwa nacho makanda obadwa masiku asanakwane. Anachisisita ndi chala, chinagona, n'kudzukanso. Khungu la pansi pake linali louma mbuu, ndipo mafupa a msana ankawerengeka. Kuwondako sikunamudabwitse kwambiri, pakuti m'Lenti anthu amaphwa, ndipo atsikana a masiku ano akayima cham'mbali suwaona. Chimene chinamukola ndi cheyacho.

Anamudzutsa n'kumugwira manja ngati akufuna kuona zikhadabo. Manjawo anali ozizira ngati achokera mumtsinje, zikhadabo zikuoneka zobiriwira chakumizu. Atawatembenuza anapeza zikhatho zachikasu, chikasu cha dzungu lakupsa. Anaganiza za chiwindi, ndipo mosapempha anamutsitsa chikope. Diso linali loyera bwinobwino. Munthu wa matenda a chikasu amayambira m'maso, zimenezo Vinka ankazidziwa. Nanga ichi chinali chiyani?

Anamunamiza kuti phula lofewa, loyenera khungu la ana, latha ndipo lifika mlungu wamawa. Pomutsekera zipi anamufunsa ngati akudya.

"Ndikusala, a kuma. Pamadzi."

Vinka anagwedeza mutu, ndipo yankholo linamukwanira monga likanakwanira munthu aliyense wa kuno. Kusala pamadzi tonse timakudziwa: nyama ayi, mkaka ayi, mazira ayi, ndipo mumphika simulowa mafuta, chakudya chimaphikidwa ndi madzi okha. Koma mumphikamo mumalowa nyemba, mbatata, kabichi, mpunga, tsabola, ndipo buledi amakhala pambali wosawerenga. Vinka mwiniwake ankasala pamadzi mlungu woyamba ndi womaliza, ndipo chaka chilichonse ankafika pa Pasaka siketi itamuthina.

Cheya chija ndicho chinakana kumuchoka m'mutu. Madzulo anayimbira Radmila, amene ankaphikira ana zana limodzi ndi makumi awiri kusukulu ya mkaka ndipo ankayankha foni ngati munthu amene wasiya china pamoto. Radmila anaseka mpaka kutsokomola. Anati vuto ndi la Vinka yemweyo, chifukwa ndiye anasankha dzinalo pa ubatizo: m'chinenero cha kuno, dunja si chipatso chachikasu chokhala ndi ubweya? Ndiye mwana wangofanana ndi dzina lake. Kenako mawu ake anafewa ndi kunyada. Anati mwanayo sanalawe dontho la mafuta chiyambire Lenti, wansembe anamuyamikira pamaso pa anthu, ndipo pamene ana a anzawo akusuta fodya kuseri kwa sukulu, wake akudzuka m'mawa kupita kutchalitchi. Vinka anaseka nawo za chipatsozo, koma atadula foni anapeza kuti sanakhutire.

Lachitatu lonse anangokhalira kutembenuza anthu zikhatho. Wobwera kudzakonzetsa nsidze, anamutembenuza. Wobweretsa makalata, anamutembenuza, mpaka bamboyo anafunsa ngati ayamba kuombeza. Chakumadzulo anachita kuyitana mayi Stana, ogulitsa makandulo pakhomo la tchalitchi, amene akhala akusala pamadzi Lenti yonse kwa zaka makumi anayi. Zikhatho zawo zinali zofiirira, zofunda, zonenepa ngati mabanzi, ndipo pamkono panalibe cheya chachilendo. Ndiye kuti si kusalako. Anaganiza za sopo, za mafuta odzola aja amadetsa khungu, za mapilitsi amene atsikana amapatsana mobisa. Tinene zoona, Vinka ankasangalala. Kwa zaka zambiri khungu linali lisanamufunse funso loti limugonetse m'maso muli gwa.

Lachinayi linali tsiku la dokotala Leposava. Mayiwa anali a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, anapuma kalekale pa udokotala wa khungu, ndipo ankabwera mlungu uliwonse kudzadetsa nsidze poti, mwa kunena kwawo, sankafuna kuti imfa iwapeze akuoneka odabwa. Vinka sankakonda kuwafunsa zinthu chifukwa ankayankha ngati akukonza mayeso. Anazungulirazungulira, mpaka mayiwo anamuuza ali chitsinzinire kuti safunsa anadya phula, ndipo kwa munthu amene amaliphika yekha tsiku lililonse ngoziyo ili pafupi.

Vinka anafotokoza osatchula dzina. Cheya kumsana ndi m'masaya, khungu louma, manja ozizira, zikhatho zachikasu koma maso oyera. Adokotala anafunsa zaka za munthuyo. Anafunsa ngati tsitsi lakumutu likuthothoka, ndipo Vinka anakumbukira kuti linatsala lambiri pa thaulo. Anafunsa ngati pa mfundo za zala, kuseri kwa dzanja, pali zipsera kapena zikang'a zonga za mano. Zimenezo panalibe. Apo mayiwo anatsegula maso, utoto usanaume.

"Mwana ameneyo sakudya."

"Akusala pamadzi, adokotala."

"Inenso ndikusala pamadzi, tandione. Iwe, thupi likatha mafuta limazizidwa, ndiye limadzilukira lokha bulangete. Cheya chimenecho ndi bulangete. Chikasucho ndi karoti, mwina ndi chokhacho chimene akuponya m'mimba, ndipo thupi lafooka moti likulephera n'kuchichotsa komwe. Ndipo umve bwino: zoterezi sizimera m'milungu isanu ndi umodzi. Imeneyo ndi miyezi."

Anapitiriza ndi mawu otsika, osanyoza tsopano. Anati ndi matenda, si mwano kapena fasho, ndipo odwala ake amakhala ana abwino aja osavuta, odziwa kubisa. Anati chimene chimawatenga si kuwonda koma mtima, umene umangoima tsiku lina munthu akukwera masitepe. Anamuletsa kudikira Pasaka, anamuletsanso kumukakamiza mwanayo nyama yankhosa tsiku limodzi, pakuti thupi losowa chakudya ukalikhutitsa mwadzidzidzi umalipweteka. Analemba dzina la dokotala wina kuseri kwa kapepala ka saluni. Potuluka, nsidze imodzi inali yakuda kuposa inzake, ndipo aka kanali koyamba kuti asadandaule.

Vinka anakhala pampando wa makasitomala, manyazi atamugwira. Masiku awiri anakhala akuseweretsa nkhaniyi ngati mwambi wa m'nyuzipepala, pamene mwana amene anamunyamula m'manja mwake akutha. Kenako manyaziwo anasanduka mantha. Koma kukayikira kunalipobe pang'ono, poti adokotala sanamuone mwanayo ndi maso, ndipo Radmila si mayi woti mwana angafe ndi njala m'nyumba mwake. Vinka anafuna aone yekha mbale ya Dunja.

Mpata unalipo. Lamulungu linali la Kanjedza, tsiku limene ngakhale osala mouma mtima amaloledwa nsomba, ndipo chaka chilichonse Vinka ankadyera kwa Radmila. Bambo a Dunja anali pa ulendo ndi thiraki yawo, choncho patebulo anali atatu. Radmila anakazinga nsomba yaikulu ya mumtsinje, anaphika mbatata za anyezi, anaika ndi kabichi wowawasa. Nyumba yonse inkanunkhira.

Vinka anadya ndi pakamwa pokha, maso ali kwina. Ndipo anaona luso limene sanalionepo. Dunja ndiye ankagawira anthu. Ndiye anadula buledi, ndiye ananyamuka kukatenga mchere, kenako ndimu, kenako mpeni wina. Pambale pake anaika mbatata imodzi, n'kuidula pakati, n'kudulanso, n'kumwaza tizidutswato mpaka mbale inaoneka ngati yadyedwapo. Foloko inkakwera, iye n'kufunsa funso, foloko n'kutsika ili chodzaza. Ankalankhula za chakudya mokoma kuposa onse, mpaka kufunsa amayi ake kuti nsombayo anaithira chiyani. Chimene chinkalowa m'kamwa mwake ndi madzi. Tambula inadzazidwa kanayi.

Vinka anatenga chidutswa cha nsomba n'kuchiika pambale ya mtsikanayo. Dunja anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti iye akadali pamadzi mpaka Pasaka. Radmila anayang'ana mnzakeyo ndi nkhope yoti waona mwana wanga.

"Lero ngakhale amonke a kuphiri akudya nsomba," anatero Vinka. "Tandiuza, mwana wanga. Pamadzi pakopo, ndi madzi ati? A mumphika, kapena a m'tambula?"

Dunja anayang'ana tambula yake, makutu atafiira. Radmila anaseka kaye, poyesa kuti ndi nthabwala za Vinka za masiku onse, ndipo anayamba kuwerenga zimene anaphika mlungu umenewo: Lolemba nyemba, Lachiwiri mpunga wa bowa, Lachitatu nyemba zotsala. Vinka anati sanafunse zimene zinaphikidwa. Anafunsa kuti ndi liti pamene iye Radmila anaona ndi maso ake chakudya chikulowa m'kamwa mwa mwanayo n'kumezedwa.

Radmila anayamba kufotokoza. Anati m'mawa mwanayo amathamangira basi. Masana amadya kusukulu. Madzulo amatengera mbale kuchipinda poti akuwerenga. Karoti amadya, ameneyo amamuona, amatha thumba lathunthu pamlungu. Vinka anafunsa kuti kusalako kunayamba liti, ndipo yankho linatuluka pang'onopang'ono ngati munga: kunayamba mu Novembala, ndi kusala kwa Khirisimasi isanafike. Pa Khirisimasi penipeni mwanayo anadwala m'mimba. Itatha anati akufuna kusunga Lachitatu ndi Lachisanu, kenako masiku enanso, kenako Lenti inafika. Radmila ankalankhula akuwerenga pa zala, ndipo atafika pa chala chachisanu anaima.

Munthu akachita mantha amaluma amene ali pafupi. Radmila anaimirira n'kunena kuti iye amadyetsa ana zana limodzi ndi makumi awiri tsiku lililonse ndipo palibe anabwererapo kwawo ndi njala. Anati Vinka wazolowera kufufuza za eni mpaka wayamba kuona matenda m'mapemphero. Dunja anali atathawira kale kuchipinda.

"Ukanakhala ndi wako, bwenzi ukudziwa kuti mayi salephera kuona mwana wake," anatero Radmila.

Mawu amenewo anali asanatulukepo pakati pawo pa zaka makumi anayi, ndipo anamupweteka Vinka pamalo pomwe anawalozetsa. Vinka anavala jasi lake yekha. Akanatha kuyankha, ndipo pakamwa pake si poti pamasowa zonena, koma anangoika kapepala ka adokotala pafupi ndi mbale ya nsomba.

"Undide, Radmila, palibe kanthu. Koma umukweze majuzi awiriwo uone msana."

Anayenda wapansi mpaka kwawo, akulira mokwiya ngati mwana. Ankadziuza kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma mwambi sutonthoza munthu amene wangotaya mnzake. Chimene chinkamuwawa koposa n'choti mwina wawononga zonse ndi kamwa lake. Mwina akanapita mwakachetechete, mwina akanayamba ndi mwanayo payekha. Tsopano chitseko chatsekedwa, ndipo mtsikana uja ali mkati ndi tambula yake.

Lolemba anafika ku saluni isanakwane seveni koloko, poti kunyumba kunali kosakhalika. Anawapeza ali pakhomo. Radmila anali ndi maso otupa, atavala malaya adzulo omwe aja, kabuku ka chipatala ka mwanayo kali m'manja. Dunja anali atatsamira khoma m'chijasi chija, akuyang'ana kumsika. Panalibe moni, panalibe pepani. Radmila anangotambasula dzanja lokhala ndi makiyi a galimoto.

"Usatsegule. Uyendetse ndiwe."

Vinka sanafunse zimene anaona pansi pa majuzi aja. Zinali zolembedwa pankhope. Anapachika kachikwangwani koti kwatsekedwa, n'kukhala pachiwongolero, Radmila pambali pake, Dunja kumbuyo. Anadutsa msika, anawoloka mlatho kulowera kuchipatala. Pagalasi Vinka ankaona tsaya la mtsikanayo, dzuwa la m'mawa likuwalitsa cheya chija.

"Musayembekeze kuti ndikuthokozani," anatero Dunja mwadzidzidzi. "Akandinenepetsa ngati nkhumba. Ndikanadziwa ndikanangodzimeta ndekha."

Vinka akanayenera kukhala chete. Munthu wanzeru akanatero. Koma Vinka funso likamufika pakhosi silibwerera, ndipo ili linali litangomufika kumene. Anaima pa maloboti ofiira a pafupi ndi positi ofesi.

"Eya, nanga bwanji sunadzimete? Lezala kwanu lilipo. Miyezi yonseyi wabisa mochenjera chonchi, kenako n'kudzagona pansi pa nyali yanga, ine amene tauni yonse imandithawa. Unabwereranji kwa ine?"

Dunja anakanda zipi ya jasi ndi chikhadabo. Atalankhula, mawu ake anali aang'ono, opanda mkwiyo.

"Sindikudziwa. Poyamba ndinkaopa kuti andigwira. Kenako ndinaona kuti palibe akundigwira, amangondiyamikira. Miyezi isanu ndakhala patebulo limodzi ndi amayi." Anasiya zipi ija. "Ndinkafuna ndione ngati alipo amene angazindikire."

Radmila sanatembenuke. Anakhala chiyang'anire kutsogolo, kabuku kaja atakafinya pachifuwa. Maloboti anasintha. Pamenepo anamasula lamba, anatsegula chitseko pakati pa msewu, anatuluka, n'kukalowa kumbuyo. Galimoto za m'mbuyo zinayamba kuliza mahutala, wina anatulutsa mutu pawindo n'kutukwana. Vinka sanasunthe. Anadikira mpaka chitseko chakumbuyo chitatsekedwa, mpaka Radmila atatenga manja ozizira aja n'kuwalowetsa m'khwapa mwake, ndipo mwanayo sanawachotse.